Nsambo Khumi ndi Ziwiri ku Maglas

Gitala wa nsambo khumi ndi ziwiri sakungidwa mothamanga. Nsambo zake zimagona ziwiriziwiri: m'magulu anayi a mawu aakulu, yonenepa imatsagana ndi yopyapyala imene imalira liwu lomwelo koma pamwamba, pomwe magulu awiri otsalawo amalira mofanana ndendende. Imodzi ikangolobodoka, gitala yense amamveka ngati anthu okangana. N'chifukwa chake mkulu wina wa ku Maglas, komboni ya mgodi wa asibesitosi ku Zvishavane, adatha theka la ola akupotokola zikhomo, mdzukulu wake atagwira foni kudikira kuti ajambule.

Bambo a mkuluyu adachoka ku Dedza pa Mthandizi nakatchona ku Shabani, monga tauniyi inkatchulidwira masiku amenewo. Nyimbo imene ankaikonda idali "Skokiaan" ya August Musarurwa, yomwe idatchukira ku Bulawayo ndipo Louis Armstrong adaijambulanso mu 1954. Dzina lake ndi la mowa woletsedwa wa m'makomboni, ndipo mtima wake uli m'lipenga la sakisofoni. Bambowo adaivekera mawu awoawo a Chichewa, onena za kwawo, nkumaiimba Loweruka lililonse akaweruka. Mawu amenewa sadalembedwe paliponse. Mwana wawo, yemwe tsopano wapyola zaka 70, ndiye yekha watsala nawo. Ankafuna kuwatumiza pa WhatsApp kwa mbale wake wa ku Dedza amene sadaonanepo naye maso ndi maso.

Adapachika mabulangeti m'mazenera kuti phokoso la pamsewu lisalowe, naimba. Zala zidakumbukira zonse, ngakhale nsambo zochuluka chotero zimafuna dzanja lamphamvu. Chimene chidamupereka ndi lilime. Pomvetsera zojambulazo adadzimva akuti "kumusha" pamene bambo ake ankati "kumudzi", ndipo "l" aliyense adali atasanduka "r" wonjenjemera wa Chishona. Munthu sadzimva polankhula. Makina ndiwo alibe ulemu.

Nkhaniyi siyaing'ono kwa munthu amene moyo wake wonse ankatchedwa mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, mzinda umene sadaupondemo. Chitupa chake chidamulemba mlendo, lamulo la unzika la 2001 lidamusiya pakati pa maiko awiri, kufikira malamulo aakulu a 2013 atavomereza kuti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Zaka zonsezo adadzitonthoza kuti ngati kuno samuyesa wao, kwinako chilankhulo chikamuchitira umboni. Foni idakana umboniwo m'mphindi zitatu.

Adabwereza kasanu. Ulendo wachisanu mawu adatuluka oyera, Chichewa cha m'buku, koma nyimbo idauma, pakuti maganizo onse adali pa lilime ndipo dzanja lamanja lidayamba kuwerenga m'malo movina. Mdzukuluyo, amene amamutcha sekuru osati agogo, adanena mosabisa kuti yoyamba ija ndiyo idali nyimbo. Adalondola mwanayo. Mkuluyo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati itumizidwe yoyambayo.

Yankho lidafika m'mawa mwake. Mbaleyo sadatchule za "kumusha" ngakhale pang'ono. Adati mawuwo kumudzi palibe amene amawadziwa, napempha kuti awalembere. Kenaka adafunsa kuti, "Nanga achimwene, winayo amene akukuthandizani kuimba gitala ndani?"