Lole ya amjomba ndi ndalama zanga za lendi

Chaka chatha, sabata yachiwiri ya semesita, amjomba anandiimbira foni ndili ku Zomba. "Mphwanga, upirire miyezi ingapo. Ndalama ndagulira injini." Ndinangoti chabwino, koma nditadula foni ndinapsa mtima kwambiri. Loni imandilipirira fizi yokha. Lendi ya kachipinda kanga ku Chikanda ndi chakudya zimachokera m'thumba mwa amjomba, omwe amagula usipa wouma ku Makanjira n'kukagulitsa ku Limbe. Tsopano ndalama zanga za miyezi inayi zinali zitalowa m'chiphapha cha lole chomwe chakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Mpondasi kuyambira ndili kupulayimale, nkhuku zikuikiramo mazira.

Loleyo ndi Bedford RL, mtundu womwe a ku Britain anayamba kupangira asilikali awo mu 1953. Ndi yaitali miyendo, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo penti yobiriwira ikadaonekabe m'malo ena. Anganga saikonda. Amati imawakumbutsa malole a Apayoniya, masiku omwe munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, asilikali asanawalande zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Amjomba anaigula motchipa kwa mkulu wina yemwe anaipeza pa okushoni ya boma kalekale. Inayendako zaka ziwiri basi. Injini yake inali ya petulo, ya masilinda 6 ndi malita 4.9, ndipo inkamwa mafuta mwakuti phindu lonse la ulendo linkathera pa pampu.

Holide itakwana ndinapita kumudzi ndi mawu okonzeratu. Ndinkafuna kuwauza amjomba kuti anthu anzeru amagula Canter, sawotcherera zitsulo za nthawi ya atsamunda. Iwo sanakangane nane. Ananditengera pa khonde n'kundiwerengera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lole zochokera ku Japan unathawa munthu wa geni ngati yawo. Ndipo ngakhale akanaigula, Canter wamba imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Msewu wochoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kudzera ku Malindi ndi Lungwena mpaka ku Makanjira ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mvula ikagwa mchenga ndi mitsinje zimaimitsa galimoto zotere. Nthawi imeneyo ndi yomwe wofika kugombe amagula motsika chifukwa ogula achepa, n'kukagulitsa mokwera chifukwa m'tauni nsomba zasowa. "Thupi la lole ndili nalo kale," anatero. "Chomwe chikusowa ndi chokoka."

Chokokacho chinali injini ya dizilo ya Isuzu 6BD1, ya malita 5.8, yochotsedwa mu lole ina yomwe inachita ngozi. Woika anali bambo wina wachikulire wa galaja ya pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa pa boma, yemwe aliyense amangomutchula kuti a Fundi. Amjomba anandituma kuti ndizikathandiza kunyamula zitsulo, poti ndinali kungokhala.

Ine ndinkaganiza kuti kusintha injini kuli ngati kusintha batire la foni. Masabata asanu amene ndinakhala pa galajapo anandichititsa manyazi. Mu RL injini imakhala pakati pa mipando iwiri, choncho malo ndi ochepa, ndipo ya Isuzu sinkakwana popanda kudula chivindikiro. Miyendo yokhazikapo injini anaipanga yatsopano, kuyeza ndi katoni kaye asanadule chitsulo. Beseni la oyilo la pansi pa injini linkagunda ekisero yakutsogolo, analidula n'kuliwotcherera mwina. Giyabokosi anatenga ya Isuzu yomweyo, zomwe zinafuna kuti shafuti yopita ku bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo aifupikitse kwa munthu wa makina osema zitsulo ku Blantyre. Magetsi a Bedford ndi a mavoti 12 pomwe sitata ya Isuzu imafuna 24, ndiye mabatire anakhala awiri ndipo mababu onse anasinthidwa. Rediyeta inafunika yaikulu. Masipuling'i akutsogolo anawonjezera, chifukwa injini ya dizilo imalemera kuposa ya petulo.

A Fundi anasiyira sukulu Sitandade 6. Koma tsiku lina anandifotokozera, akujambula pa mchenga ndi sipanala, chifukwa chake loleyo idzakoke kwambiri koma n'kuchepa liwiro: dizilo sizungulira msanga ngati petulo, pomwe magiya a m'maekisero ndi akale omwe aja. Ndinamva kamodzi. Pali maphunziro ena ku yunivesite omwe ndawerenga katatu osamva chomwecho.

Chomwe sindidzaiwala ndi nkhani ya mabuleki. Injini italira koyamba, ana a m'dera lonse anathamangira kudzaona, amjomba akumwetulira mpaka m'makutu. Ankafuna kunyamuka m'mawa mwake, poti usipa unali utagwa wambiri ndipo ngongole zinali zitawapana. A Fundi anachotsa makiyi n'kuika m'thumba. Anati mabuleki a loleyo amathandizidwa ndi mpweya womwe injini ya petulo imayamwa yokha, koma ya dizilo siyamwa motero, ndiye pamafunika kapampu kapadera, ndipo komwe kanabwera ndi injiniyo kanali kakufa. Popanda iko, buleki imalimba ngati mwala.

"A Fundi, ndiyenda pang'onopang'ono," amjomba anachonderera.

"Achimwene, pamwamba pa matumba mudzakweza amayi a geni. Mukadzawagwetsera mumtsinje anthu adzafunsa kuti anaika injini ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anakangana mpaka dzuwa kulowa. Loleyo inakhala masiku ena 9 kudikira pampu, ndipo ine ndinadziwa kuti masiku amenewo ndi lendi yanga ya mwezi wina. Komabe ndinapezeka ndili mbali ya a Fundi.

Sindikufuna kukometsera. Anzanga ena akaona zithunzi za zinthu ngati izi pa Facebook amalemba kuti Amalawi ndife aluso, n'kupitirira. Lusolo lilipo, koma limabadwa chifukwa chosowa ndalama zakunja, ndipo lili ndi mtengo wake. Pa ulendo wachitatu shafuti ya tayala lakumbuyo inathyoka mumchenga, chifukwa mphamvu ya injini yatsopano inaposa zomwe chitsulo chakalecho chinapangidwira. Amjomba anagona m'tchire masiku awiri akulondera matumba. Zipangizo za Bedford sizipezeka m'sitolo. Kampaniyo inasiya kupanga malole akuluakulu m'zaka za m'ma 1980, ndiye umafunafuna chiphapha china kuti uchotseko. Palinso mapepala: nambala ya injini ikasintha uyenera kukalembetsa ku Road Traffic, loleyo n'kukayezedwa kuti ipeze COF. Ndipo si galaja iliyonse ili ndi munthu wobisa makiyi. Malole ena osinthidwa injini akuyenda m'misewu yathu popanda wina amene anafunsapo za mabuleki.

Chomwe chimandivuta ndi ife ophunzira. M'kalasi la filosofi tinathera maola awiri pa funso lakale la Agiriki la chombo cha Theseus: ukasintha matabwa onse, kodi chikadali chombo chomwecho? Palibe anatchula kuti ku Monkey Bay kuli Chauncy Maples, sitima yomwe inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1901 ndi injini ya nthunzi, n'kudzaikidwa ya dizilo mu 1967. Inenso sindinatchule lole ya kwathu, chifukwa ndinkachita nayo manyazi. Timaphunzira kulemba za umphawi ndi chitukuko, koma munthu amene akudziwa kulumikiza Isuzu ndi Bedford timamuona ngati wolephera sukulu, ndipo nzeru zake palibe akuzilemba. A Fundi akadzamwalira, miyeso yonse ija ya pa katoni idzapita nawo, kupatula zomwe anyamata awo awiri agwira ndi maso.

Lendi ndinalipira mochedwa ndi miyezi itatu. Landilodi anandilandako matiresi sabata imodzi, ndipo ndinadya kwa anzanga kambirimbiri. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, amjomba ananditumizira ndalama zonse pa foni ndi kauthenga kakuti loleyo yadutsa pomwe ena atatu anabwerera. Anganga mpaka lero sanaikwere, ngakhale amjomba anaipaka penti ya buluu kuti awasangalatse.

Holide ikubwerayi ndikubwerera ku galaja kuja ndi kope. Ndawapempha a Fundi kuti azindiuza, ine ndizilemba. Anaseka n'kundiuza kuti ndibwere ndi ovolosi, chifukwa salankhula ndi munthu wa m'manja moyera.