DIGIRI M'BOKOSI, MTIMA KU CIPATALA

Pa mudzi wina m'boma la Katete pali mtsikana amene anaphunzira zaulimi pa yunivesiti nabwerako ndi digiri. Atate ake anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti iye aphunzire. Koma zaka 3 zinatha nchito osaoneka, ndipo pepala lija linangogona m'bokosi pamodzi ndi zobvala za ku chalichi.

Amai ake atadwala, iye anapita kukawadwazika ku cipatala. Kumeneko anapenyetsetsa anamwino alikutembenuza odwala usiku, kutsuka zilonda ndi kutonthoza ofedwa, ndipo mtima wake unakhazikika pa nchito imeneyi. Pamene anauza atate ake, mkuluyo anayamba wakhala cete, kenaka anati: "Mama, kodi ng'ombe zija zinapita pacabe? Ukakhalenso pa benchi limodzi ndi ana a Giredi 12?"

Funsoli linamlasa. Tsono poti safunsa anadya phula, anayamba kufufuza njira zimene munthu wokhala kale ndi digiri angaloweremo unamwino, ndipo anapeza zitatu.

Yoyamba inali ya kunja. Ku Britain munthu wotere angatsirize m'zaka 2 m'malo mwa 3, ndipo ku America kuli maphunziro acangu a miyezi 12 kufikira 18. Komabe cidule cimeneci sicicotsa thukuta: bungwe la anamwino ku Britain lifuna kuti wophunzira aliyense akwanitse maola 2,300 pakati pa odwala. Ndiponso ndalama zake ngakhale khola lonse la ng'ombe silingazikwanitse.

Yaciwiri inali digiri ya unamwino ku Lusaka, pa University of Zambia kapena pa Levy Mwanawasa Medical University. Imeneyi itsegula khomo la uphunzitsi ndi utsogoleri, koma ifuna ndalama za nyumba ndi cakudya m'tauni kwa zaka zingapo.

Yacitatu inali dipuloma ya zaka 3 pa masukulu a pa zipatala, monga ca St Francis ku Katete konko, cimene cinayamba mu 1948, kapena ca ku Chipata. Kumeneko ayang'ana satifiketi ya Giredi 12, makamaka Cingelezi, masamu ndi sayansi. Wadipuloma angathe kudzaonjezera digiri pambuyo pake alikulandira malipiro.

Panabweranso wina wonyengerera za koleji yace imene akuti itsiriza msanga. Mtsikanayo sanatengeke. Anadziwa kuti m'Zambia namwino aloledwa kugwira nchito pokhapo atalembedwa ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene linalowa m'malo mwa General Nursing Council ndi lamulo la mu 2019, ndipo bungweli sililemba ocokera ku masukulu osabvomerezeka.

Anasankha dipuloma. Madzulo ena anagwada pakhonde nati: "Atate, njirayi ndiyo tingaikwanitse osatsiriza khola. Ndipo zaulimi zija sizinataike. Ndikadzaona mwana wotupikana cifukwa ca kusowa cakudya coyenera, ndidzadziwa kuuza amace za nsawa, soya ndi nyemba zimene zili m'munda mwao momwe."

Mkulu uja sanayankhe tsikulo. Koma m'mawa wa ulendo, ndiye anamanga bokosi lija pa njinga, nalikankha yekha kufikira pa mseu waukulu.