Masewera a Agalu ndi Ndewu Zawo

Pakhomo pamene pali agalu awiri kapena atatu sipalephera phokoso dzuwa likapendeka. Agalu aja amathamangitsana kuzungulira nkhokwe, kugwetsana m'fumbi ndi kulumana m'makosi, kwinaku akudzuma ngati afuna kuphana. Mwini khomo wosaugwira mtima amathamangira ndodo kapena mwala. Kawirikawiri amalanga agalu osalakwa, pakuti phokoso lokha si umboni wa ndewu.

Wofuna kudziwa chimene chikuchitika asadalire makutu; apenye thupi la galu. M'chaka cha 1872 Charles Darwin, katswiri wa ku Mangalande, adafotokoza maonekedwe awiri a galu mmodzi yemweyo. Akaona munthu amene akumuyesa mdani amaumitsa miyendo, mchira uli chilili, ubweya wa pamsana utaima. Akazindikira kuti wobwerayo ndi mbuye wake, thupi lonse limafewa ndi kupindikapindika. Kufewa kumeneku ndiko chizindikiro choyamba cha masewera.

Galu wofuna kusewera amagwada ndi miyendo yakutsogolo, chifuwa chili pansi, mbuyo ili m'mwamba, kukamwa kuli yasa ngati akuseka. Marc Bekoff wa ku America adaonetsa mu 1995 kuti galu amagwada chotere makamaka akatsala pang'ono kuluma mnzake mopukusa mutu, kapena akangomaliza kutero, monga womuuza kuti asatengere kumtima. Pamasewera pamakhalanso kusinthana. Wothamangitsa amasanduka wothamangitsidwa, ndipo nthawi zina galu wamkulu amadzigwetsa dala chagada kuti kamwana kamukwere pachifuwa. Amapumira pang'ono, kudzikutumula, kenaka kuyambiranso. Chodabwitsa koposa nchakuti galu wamkulu ali ndi mano 42 otha kuphwanya fupa, koma atagwira khosi la mnzake kwa nthawi yaitali amangosiyapo malovu basi. Luso lobweza mphamvu ya nsagwadali amaliphunzira ali khanda, pamene abale ake amalira ndi kumuthawa akawaluma mopweteka. Nchifukwa chake si nzeru kupatsa mnansi kagalu kasanakwanitse masabata 8 kali ndi make, ngakhale ambiri amatero pofuna kuchepetsa pakamwa podyetsa.

Pakakhala chikayiko, mwini agalu agwire pang'ono galu wamphamvuyo naone chimene winayo achite. Akabwerera yekha kudzamuputa, anali masewera. Akathawira pansi pa nkhokwe mchira uli pakati pa miyendo, ndiye kuti amazunzidwa, ndipo masewerawo aleke.

Ndewu yeniyeni siyamba ndi phokoso. Agalu amangoti zii, kuuma gwa, kukamwa kotseka, maso ali tong'o pa mnzake, kenaka milomo imakwinyika, mano n'kuonekera. Mchira ukhoza kugwedera ndithu, koma uli m'mwamba ndi wouma. Ana ambiri alumidwa poganiza kuti galu wogwedeza mchira ndi wokondwa. Choyambitsa sichisowa: fupa limodzi, mkute woponyedwa pamalo amodzi, kapena galu wamkazi amene ali pa nyengo yake yofuna wamwamuna. Galu wokalamba akadzumira kagalu komuvutitsa asamenyedwe msanga, pakuti galu wamkota sakandira pachabe. Mwina mafupa akumuwawa, ndipo kudzumako ndi chenjezo. Womenyedwa chifukwa chochenjeza amadzaluma osachenjeza. Aliyense akamadyera m'mbale yakeyake, motalikirana, ndewu zambiri zimatha zokha. Zikabuka, munthu asalowetsepo dzanja. Chidebe cha madzi ozizira kapena thabwa lolowetsa pakati pawo ndizo zolanditsira.

Pali khalidwe lina limene si masewera kapena ndewu wamba. Galu amene adali wofatsa akayamba mwadzidzidzi kuluma anzake, nkhuku ndi mitengo yomwe, dovu likuchucha, pakhale mantha a chiwewe, matenda amene zizindikiro zake zikaoneka mwa munthu amapha pafupifupi aliyense. Nchifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya katemera agalu ambirimbiri mumzinda wa Blantyre. Galu wotere asayandikiridwe, ndipo alangizi a ziweto auzidwe msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo litakhala laling'ono ngati chikwanthu cha munga.