USIKU WA CISANU PAFUPI NDI KACHOLOLA

Mwezi wa July ndiwo mwezi umene anthu a mu Lusaka amaopa madzi osamba m'mawa. Mphepo ya mwera imaulutsa fumbi m'makomboni, ndipo ana amapita ku sukulu manja atawabisa m'khwapa. Munali m'mwezi wotere, m'caka ca 2024, pamene bambo wina wa ku Matero pamodzi ndi akazi ao ananyamuka pa galimoto yao yakale kulinga ku Katete, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East.

Ulendowu sunali wongokaceza cabe ai. Abambowo anali atapuma pa nchito, ndipo mtima wao unali pa kubwerera kumudzi kukalima. Amaiwo sanafune kumva zimenezo. Nyumba ya ku Matero anaigula mu 1996, pamene boma linalola kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo. Mu msika anali ndi thebulo lao la matimati ndi kapenta, ndipo ku manda a Chingwere kunagona mwana wao woyamba. Nkhaniyi inakhala m'nyumbamo miyezi isanu ndi umodzi ngati mphika wovundikira: onse awiri anadziwa cimene cinali m'katimo, koma panalibe wofuna kuvundukula.

Anapangana kuti adzanyamuka tambala woyamba, koma ananyamuka 14 koloko, pakuti abambowo anacedwa ndi kumangirira katundu. Caka cimeneco mvula inakana, kotero kuti mu February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. M'malo mokatenga cimanga kumudzi monga mwa zaka zonse, a m'tauni ndiwo anali kupereka unga kumudzi. Iwo ananyamula matumba anai. Amaiwo anaonjezapo mabulangete awiri, fulasiki ya tiyi, mbatata zophika ndi zigubu ziwiri za madzi.

"Kodi tasamuka kale, amake mwana?" anafunsa abambowo akuseka.

"Mseu ulibe mbale, abambo," anayankha amaiwo, nakhala pansi.

Kucokera ku Chongwe mpaka ku Rufunsa analankhula za mtengo wa petulo ndi za minda youma imene inali m'mbali mwa mseu. Abambowo anasimba za ulendo wao woyamba wa ku Lusaka ali mnyamata, pa basi ya UBZ, atagwira adiresi ya amalume ao m'dzanja. Pa mapiri a Manenekera anakhala cete, cifukwa pamenepo mseu umakhotakhota m'mphepete mwa maphompho ndipo woyendetsa sayenera kuceuka.

Dzuwa lili pafupi kulowa anatsikira m'cigwa ca Luangwa, kumene mpweya unali wofunda ngati si July. Anaima pa kamsika ka nsomba zouma ndi madengu, amaiwo nagulira alamu ao nsomba. Kenaka anaoloka ulalo wautali uja umene unamangidwa mu 1968. Pamenepo mtsinje ndiwo malire a cigawo ca Lusaka ndi cigawo ca Kum'mawa.

"Tafika kwathu tsopano," anatero abambowo. Amaiwo sanayankhe.

Kutsidya kwa ulalo mseu umakwera mapiri kulinga ku Kacholola. Galimoto yolemedwa ndi unga ija inayamba kulira mwacilendo, ndipo posakhalitsa nthunzi inafuka kutsogolo. Paipi ya madzi ya ku redieta inali itaphulika. Anaikankhira pambali mdima utagwa kale. Foni sinali kugwira, ndipo magalimoto amene anapita sanaime, pakuti masiku ano munthu amaopa kuima usiku pathengo.

Amene anagonapo panja m'cisanu adziwa kuti usiku wopanda mitambo ndiwo umazizira koposa, popeza kutentha konse kwa masana kumathawa m'nthaka popanda cochinga, ndipo pamtunda pamazizira kupambana m'cigwa. Pofika 22 koloko zala za abambowo zinali zitauma. Amaiwo anaturutsa mabulangete aja osanena kanthu, nathira tiyi m'cotsekera ca fulasiki. Anamwa molandizana.

"Abambo," anayamba amaiwo, "pa ulalo paja munati tafika kwathu. Kodi kwathu kumeneko ndi kwao kwa yani?"

Funsoli linali ndi mutu. Abambowo ndi Mcewa wa ku Katete, amaiwo ndi Mnsenga wa ku Petauke, ndipo mitundu yonse iwiriyi imatsata mbumba ya kucikazi. Munda umene abambowo anali kuulota unali wa mbumba ya amai ao, ndipo akazi ao akanakhala kumeneko monga mtengwa.

"Inu mukadzatsogola," anapitiriza amaiwo, "abale anu adzandisunga mwezi umodzi, mwina caka. Pambuyo pake ndidzapita kuti, nyumba ya ku Matero titagulitsa? Ku Petauke ndinacokako ndili mtsikana. Ndipo manda a mwana wathu adzalambula ndani?"

Abambowo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mdima. Potsiriza anati: "Ine cimene candibvuta si munda ai, amake mwana. Cipumireni pa nchito ndimangokhala pakhonde kuwerenga anthu opita. Ngakhale ndalama ya sopo ndimapempha kwa inu. Ndinaganiza kuti kumudzi khasu lidzandibwezera ulemu."

"Nanga munalekeranji kundiuza?"

"Manyazi."

Pa zaka zoposa makumi atatu za ukwati wao, mau otere anali asanaturukepo. M'tauni mwamuna amalawirira ku nchito, mkazi ku msika, madzulo wailesi ndi ana zimadzaza nyumba, ndipo anthu awiri angathe kukalamba pamodzi osafunsana za kumtima. Usiku umenewo panalibe kothawira. Anakambirana mpaka tiyi anatha.

Kusanace kunaima lole imene inali kupita ku malire a Mwami. Woyendetsa wake, mnyamata waulemu, anaunika ndi toci, nadula mbali yophulika ya paipi, naibwezera ndi kumanga zolimba ndi waya ndi mphira. Kenaka anafunsa ngati anali ndi madzi. Abambowo anayang'ana akazi ao, ndipo amaiwo anatsitsa zigubu ziwiri zija. Mnyamatayo anakana ndalama, koma mbatata analandira.

Anayenda pang'onopang'ono. Ku Nyimba anagula paipi yatsopano ndi nthoci. Pa mphambano ya ku Petauke amaiwo analoza njira ya kwao, ndipo abambowo anacepetsa liwiro kufikira ataipitirira. Anapyola Sinda, nafika ku mudzi wa ku Katete dzuwa litapendeka.

Alongo ao a abambowo anawalandira ndi nthungululu. Anawayalira mphasa yatsopano, nawaphera nkhuku, ngakhale nkhokwe inali yopanda kanthu. Munda uja anaupeza uli m'manja mwa ana a alongo aowo, amene anaulima zaka zonse zimene iwo anali ku Lusaka. Madzulo, atathokoza za unga, alongowo anafunsa mwa cikondi ceniceni: "Nanga acimwene, mubwerera liti?" Abambowo anaseka pang'ono. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo iwo anazindikira kuti m'mudzi umene anabadwiramo anali atasanduka mame.

Komabe sanabwerere manja okha. A mfumu a mudziwo anawaonetsa kamunda pafupi ndi dambo. Tsono anagwirizana motere: nyumba ya ku Matero sidzagulitsidwa; abambowo azipita ku Katete mu November kukabzala ndi kubwerako atakolola; amaiwo azisunga thebulo lao ndi kugulitsapo nshawa za m'mundamo. Ngati mvula idzalola, ndiponso ngati msana wa munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi udzapirira khasu, zimenezo zidzaoneka m'tsogolo.

Tsiku lobwerera ananyamuka tambala woyamba. Amaiwo poturuka m'nyumba anapeza abambowo atadzaza kale zigubu zonse ziwiri, ndipo anali kupinda mabulangete ndi kuwaika pa mpando wakumbuyo.