Galimoto Yosalira

Tsiku lina m'mwezi wa September, caka ca 2024, ife a nchito tinali kudya nsima ya masana pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi yathu mu Lusaka, pamene galimoto yoyera inalowa pacipata. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anaimva. Tinangozindikira yaima kale pambali pathu, monga mphaka afikira pa mbale ya nsomba. Mdala wathu mesenjala, amene watumikira Boma zaka zambiri koposa ife tonse, anaimirira ndi mbamu m'dzanja, naizungulira kawiri, nawerama kuyang'ana kumbuyo kwace. Posapeza paipi ya utsi anatembenukira kwa ine nati, "Akalaliki, cinthu coyenda osalira, cosatulutsa utsi, kwathu timati ncamfiti." Tonse tinaseka; koma mwini galimotoyo atalowa m'ofesi, panabuka mkangano umene unatidyera nthawi yonse yopumula.

Mnzanga wa ku cipinda ca ndalama anati kugula galimoto ya magetsi ndiko kutaya cuma m'madzi. "Kucokera kuno kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570," anatero iye, "ndipo zambiri za galimoto izi zimatha mphamvu zisanapitirire makilomita 500. Nanga ikafa ndi njala pa Nyimba adzaidyetsa ciani?" Mau ace anali ndi mphamvu, pakuti caka cimeneco cinali ca cilala. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo popeza magetsi athu ambiri amapangidwa ndi madzi a Zambezi ndi Kafue, masiku ena tinali kukhala maola 20 osaona nyali iri kuyaka. Koma mai wina wolemba makalata anamuyankha kuti petulo yense amene timatentha m'dziko muno timagula kunja ndi ndalama zobvuta kupeza, pamene dzuwa limatiombera tsiku ndi tsiku osatilipiritsa ngwee.

Ine sindinalankhule zambiri tsiku lija, koma pambuyo pace ndinafunafuna za nkhaniyi, ndipo maganizo anga ndi awa. Galimoto ya magetsi si yacilendo monga tiganizira. M'caka ca 1899 munthu wa ku Belgium, dzina lace Camille Jenatzy, anathamangitsa galimoto yotere koposa makilomita 100 pa ola limodzi, galimoto ya petulo iriyonse isanafikepo pa liwiro limenelo. Cinaigonjetsa masiku aja ndico kulemera ndi kufoka kwa mabatire. Tsono popeza mabatire a makono ali opepuka ndi osunga mphamvu yambiri, yabweranso. Injini ya petulo imataya mbali yaikulu ya mphamvu yace m'kutentha, ndico cifukwa cace simungaike dzanja pa injini itayenda ulendo. Koma mota ya magetsi imatumiza pafupifupi mphamvu yace yonse ku mawilo. Ku Norway m'caka ca 2024, mwa galimoto zatsopano 10 zirizonse zogulidwa, pafupifupi 9 zinali za magetsi. Ndiponso galimoto imodzi yotere imadya mkuwa wocuruka katatu kapena kanai koposa ya petulo, ndipo mkuwa ndiwo msana wa dziko lathu. M'mwezi wa April 2022 maboma a Zambia ndi Congo anapangana mu Lusaka kuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire ndi miyala ya m'nthaka yao. Cotero ndikhulupirira kuti galimoto izi zidzacuruka ngakhale kuno, ndipo sindidana nazo. Koma kunena zoona, pa malipiro a kalaliki sindidzaigula msanga. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wapacala ngwamphepo.

Cimene cinandikhalira mumtima ndi mau a mwini galimotoyo. Potuluka iye m'ofesi ndinamlonjera, ndi kumfunsa umo amaiyendetsera m'nyengo ya mdima yotere. Iye anati, "Bambo, galimoto iyi siinama. Masana imabweza cimene ndinaipatsa usiku. Magetsi akabwera, ngakhale pakati pa usiku, ndimadzuka kukailumikiza. Ndikacita ulesi, m'mawa ndiyenda pansi." Anati atatero analowa, nacoka mwakacetecete monga anadzera.

Mau amenewa anandilasa, cifukwa ca zimene zinandicitikira sabata ziwiri m'mbuyo mwace. Ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni kwathu kum'mawa, kumene tinali kudzuka kusanace, kulima m'munda wa sukulu, ndi kuthamanga mtunda wautali Loweruka liri lonse. Koma cilowere nchito ya ukalaliki moyo wanga unali wa pampando. M'mawa ndinali kukhala m'basi, usana wonse pa tebulo, madzulo m'basi, ndipo usiku pa mpando wa kunyumba, maso ali pa foni kufikira tulo. Mimba inakula, abale nati ndalemera, inenso ndinakondwera. Tsiku lina mutu utandipweteka masiku atatu ndinapita ku cipatala. Anamwino atandimanga lamba pamkono anayang'ana nambala, nayang'ana ine, nati, "Bambo, muli ndi zaka 34 cabe, koma magazi anu ali kuthamanga ngati a nkhalamba. Kodi kwanu alipo amene anadwalapo nthenda iyi?" Alipo ndithu. Atate anga anagwa pakhomo m'mawa wina ali ndi zaka 54, nafa ziwalo mbali imodzi, ndipo sanalankhulenso kufikira tinawaika. Pobwera ku cipatala ndinayang'ana ana anga awiri ali kusewera pabwalo, ndipo ndinawerenga zaka pa zala.

Tsono mwini galimoto atanena za usiku ndi masana, ndinadzifunsa ndekha kuti, kodi ine ndimalipatsa ciani thupi langa ndi mutu wanga ndikaweruka, kuti zindibwezere m'mawa? Yankho lace linali lakuti zaka khumi ndinali kungotapa osathiramo.

Ndinayamba ndi miyendo. Pali nkhani imene kalaliki aliyense ayenera kuidziwa. M'caka ca 1953 dokotala wa ku Britain, Jeremy Morris, anafalitsa zimene anapeza pa anthu a nchito m'mabasi a London. Oyendetsa, amene anali kukhala pansi tsiku lonse, anali kugwidwa ndi nthenda ya mtima koposa makondakitala, amene anali kukwera ndi kutsika makwerero a basi. Anapezanso comweco poyerekeza onyamula makalata, oyenda pansi ndi panjinga, ndi makalaliki a m'maofesi. Powerenga izi ndinakumbukira mdala wathu mesenjala, amene amazungulira maofesi ndi mafaelo tsiku lonse, ndipo pa ukalamba wace akwera makwerero osapuma befu, pamene ine ndinali kugwira khoma. Bungwe la umoyo la dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu acite zolimbitsa thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata. Ndiko kunena kuti kuyenda mwandawala theka la ola, masiku asanu. Cotero ndinayamba kutsika basi patali ndi ofesi, ndi kutsiriza ulendo pansi.

Ululu wa m'miyendo unatha sabata yoyamba. Cimene cinandibvuta koposa ndi manyazi. Anzanga pondipitirira anali kupfuula pazenera kuti, "Akalaliki, kodi ndalama zatha mwezi usanathe?" Pakati pathu munthu wobvala tayi akayenda pansi amayesedwa wosauka, ndipo mimba yaikulu imayesedwa ulemu. Maganizo amenewa aika anthu ambiri m'manda nthawi yao isanakwane. Sindinyoza amene amalipira ndalama ku nyumba zonyamulirako zitsulo. Koma ndimadabwa kuona munthu akwera galimoto kupita kukayenda pa makina oyenda pamalo amodzi, pamene mseu ulipo waulere. Ndinacepetsanso mcere monga anandiuza anamwino, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kukapimitsa. Nambala ija yatsika, ndipo lamba wa buluku wabwerera mabowo awiri.

Za mabuku ndiyenera kuthokoza mdima. Wailesi yakanema itazima ndi foni itatha moto, ndinatsegula bokosi langa la ku sukulu ndi kuyatsa kanyali ka dzuwa. Pamenepo ndinazindikira ndi cisoni kuti cilembere mayeso otsiriza sindinatsirizepo buku ndi limodzi lomwe. Ambiri a ife timayesa buku ngati ndodo yoolokera mtsinje wa mayeso, ndipo tikaoloka timaitaya. Koma taganizani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, mnyamata wolankhula cinenero cathu comweci. Iye analeka sukulu posowa ndalama m'njala ya 2001 ndi 2002, koma sanaleke kupita ku kanyumba ka mabuku ka kwao. M'buku lina la Cingelezi, limene sanali kulimva bwino lomwe, anaona cithunzi ca makina opanga magetsi ndi mphepo. Ndipo ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga ya atate ace anayatsa nyali m'nyumba mwao. Sukulu inamtsekera khomo, koma buku silinamfunse lisiti.

Ine lamulo langa ndi masamba khumi usiku uliwonse. Acepa ndithu, koma pa caka akwana 3,650, ndiwo mabuku 12 a masamba 300. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndimasinthanitsa, lina la Cingelezi, lina la Cinyanja, pakuti ndinaona kuti cinenero ca amai anga cinayamba kundithawa m'kamwa. Buku la Samuel Ntara lochedwa Nthondo, limene linatuluka m'caka ca 1933, ndinawerengera ana anga mokweza, ndipo anandifunsa matanthauzo a mau amene ine ndemwe ndinakafunsa kwa agogo ao.

Cinthu cotsiriza ndinaciyamba cifukwa ca mantha. M'ofesi mwathu mapepala ali kulowa m'makompyuta, ndipo nchito imene kale inali kugwiridwa ndi makalaliki atatu tsopano agwira mmodzi. Ndinaganiza kuti kuli bwino kudziwa cilankhulo ca cirombo cimene cifuna kukhala pa mpando wako. Ndinagula kompyuta yakale ya pamiyendo, ndi kuyamba kuphunzira kulemba mapulogramu m'cilankhulo ca Python. Dzinali m'Cingelezi ndilo nsato, koma amene anacipanga, Guido van Rossum wa ku Netherlands, amene anacitulutsa m'caka ca 1991, analitenga kwa gulu la anthu a nthabwala a ku Britain. Cimapezeka caulere. Popeza batire ya kompyuta yanga inali kukhala maola awiri okha, ndinazolowera kulemba zonse papepala poyamba, ndi kuzilowetsa magetsi akabwera.

Pulogramu yanga yoyamba inali yowerengera cilimba ca akazi anga ndi anzao, amai 12 osonkha mwezi ndi mwezi. Nditaitsiriza ndinawaitana ndi kunyada konse. Iwo anayang'ana maina nati, "Atate a ana, nanga amai aja ogulitsa tomato mwawaika kuti?" Ndinawerenga, ndipo maina anali 11. Usiku utatu ndinakangana ndi kompyuta, ndi kuinenera kuti njakale ndi yopusa. Potsiriza ndinadzicepetsa ndi kufunsa mnyamata wina wa pa ofesi, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Iye anandionetsa kuti m'Python ukauza makina kuwerenga kuyambira 1 kufika 12, amaima pa 11, cifukwa nambala yotsiriza saiphatikiza. Colakwa cinali canga. Pa nchito ya Boma ndinazolowera kubisala kuseri kwa mau akuti "mwina" ndi "bwerani mawa". Koma kompyuta siopa tayi, ndipo imacita zimene wanena, zimene unali kufuna kunena siizidziwa. Inandiphunzitsa kunena cinthu molunjika, ndipo makalata anga a m'ofesi afupika.

Sindinena kuti aliyense wophunzira zimenezi adzalemera. Ine ndikali kalaliki, ndipo mapulogramu anga ndi a cibwana. Koma mudziwe kuti m'galimoto yoyera ija muli mapulogramu ambiri oyang'anira kutentha kwa batire ndi kuyenda kwa mota. Kapena mkuwa wace unakumbidwa ku Solwezi kapena ku Chingola, koma mapulogramuwo analembedwa kutsidya kwa nyanja. Pangano la maboma silingasinthe zimenezi palokha, ngati palibe anyamata ndi atsikana amene madzulo ao amakhala pansi kuphunzira zimene palibe wawatuma.

Tsono inu abale anga amene mwangotsiriza sukulu, kaya mwapeza nchito kaya mukali kuifuna, mverani mkulu wanu amene anataya zaka khumi. Ku sukulu belu linali kukudzutsani, aphunzitsi anali kukuthamangitsani pabwalo ndi kukupatsani buku m'manja. Tsopano belu kulibe. Bwana adzagula maola anu asanu ndi atatu. Koma kuyambira 5 koloko madzulo kufikira pogona maolawo ndi anu, ndipo palibe adzakufunsani kumene mwawaika. Inenso masiku ena ndimalephera: mvula ikagwa ndimakwera basi kufika pakhomo, ndipo buku limagona losatsegula. Koma m'mawa mwace ndimayambanso.

Mwezi wathawu ndiri kuyenda m'mbali mwa mseu kupita ku nchito, galimoto yoyera ija inaima pafupi nane, ndipo monga kale sindinaimve. Mwini wace anandizindikira, natsitsa galasi nati, "Bambo, kwerani ndikakutuleni." Ndinalakalaka ndithu kumva umo imayendera m'kati. Koma ndinayang'ana nthawi, ndipo zinanditsalira mphindi 20 za tsiku limenelo. Ndinamthokoza ndi manja awiri, ndi kupempha kuti adzandinyamule Loweruka.