Kalata yochokera ku Cape Town, sabata ya Khirisimasi

Okondedwa achemwali,

 Ndamva kuti mvula yagwa bwino ku Salima ndipo kupalira mwatsala pang'ono kumaliza. Kuno zinthu n'zotembenuka. Cape Town imalandira mvula yake mu Juni ndi Julayi, ndiye Disembala amakhala wouma gwa, dzuwa n'kumalowa cha m'ma 8 koloko madzulo. Ana amakana kugona, ati kunja sikunade.

Mwandifunsa chifukwa chimene sitinabwerere. Ntchito za zomangamanga zikatseka pakati pa Disembala, anzathu ambiri amanyamuka nthawi imodzi, ndipo eni mabasi amadziwa zimenezo, mitengo imangokwera. Kuchokera kuno kukafika ku Joni kokha ndi makilomita pafupifupi 1,400, ukafika kumeneko ndiye uyambe ulendo wina wodzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka kudzalowera pa Dedza. Titawerengera ndi alamu anu tinaona kuti ndalamayo ndi bwino ikagule fetereza.

Choncho pa 26 Disembala, tsiku limene kuno amalitcha Day of Goodwill, tinachita zimene mzinda wonse umachita: tinapita kunyanja. Tinakwera sitima pa Retreat, ya njanji yopita ku Simon's Town, titapanikizana ngati usipa m'dengu. Wina wasenza mpoto wokulunga m'bulangete, wina chivwende paphewa, wina matiresi enieni apabedi. Tinatsikira pa Muizenberg, pamene pali tinyumba tamatabwa topaka utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira timene munationa pa chithunzi chija. Polowera kugombe apolisi ankatsegula mabokosi a ayezi kufunafuna mowa, chifukwa pamchenga saloleza kumwa. Ogwira ntchito a khonsolo ankaveka ana tizingwe pamkono tokhala ndi nambala, kuti mwana akasochera m'chinamtindi adziwe kholo lomuimbira.

Anthu akuno amatamanda madzi a ku Muizenberg kuti ndi ofunda poyerekeza ndi a mbali ya Camps Bay. Munthu wokulira ku Senga Bay asakhulupirire zimenezo. Ndinangoviika miyendo n'kutuluka mano akugwedezeka. Ndiye pali mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor. Ikayamba, mchenga umalowa mumpunga, m'makutu, paliponse. Paphiri loyang'ana nyanja pamakhala alonda oyang'anira nsomba zolusa zija, mashaki, ntchito imene inayamba mu 2004. Akaona imodzi amaliza chenjezo n'kukweza mbendera yoyera, ndipo aliyense amatuluka m'madzi osadikira kuuzidwa kawiri. Tsiku lathulo sanalize.

Pafupi ndi pamene tinayala zitenje panali banja lalikulu la ku Mitchells Plain. Pakati pawo panakhala agogo ena pampando wapulasitiki, ambulera itazikidwa pambali, mapazi atakwiriridwa mumchenga. Sanalowe m'madzi tsiku lonse. Atamva tikulankhula Chichewa anatifunsa kwathu, kenako nkhani inakula. Anatiuza kuti ali mtsikana magombe abwino a mzinda uno anali a azungu okha. Anthu a mtundu wawo ankapita ku Strandfontein, anthu akuda ku Mnandi ndi ku Monwabisi. Lamulo la tsankholo linakhazikitsidwa mu 1953 ndipo linathetsedwa mu 1990, patangopita chaka kuchokera pamene Bishopu Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda dala mchenga woletsedwawo. Ndinamvetsa chifukwa chake munthu wamkulu chotere amalolera mphepo ndi phokoso, koma chaka chilichonse akhalepo basi.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, agogo aja anavundukula mpoto n'kuyamba kuitana zidzukulu mmodzimmodzi, aliyense ndi mbale yake, iwo akusankha nthuli. Achemwali, pamenepo mpamene mtima unandithyoka.

Mukukumbukira maulendo athu a ku Senga Bay? Amalume ankabwereka galimoto yapikapu, tonse kumbuyo, agogo athu okha kutsogolo atafungatira mpoto wa nkhuku pamiyendo, poti sankakhulupirira aliyense kuti angaugwire osadontheza msuzi. Chigubu cha thobwa ankachikulunga ndi chiguduli chonyowa. Mango tinkagula panjira, mtanga wonse. Tikafika ankasankha mtengo woyang'anizana ndi chilumba cha Namalenje, n'kuyala mkeka, n'kutiwerenga ndi chala tisanalowe m'madzi komanso tikatuluka. Nawonso m'madzi sankalowa, mwina kungosamba m'manja.

Nkhuku inali imodzi, anthu khumi ndi angapo, koma palibe ankachoka ndi madandaulo oti angawanene mokweza. Nthutumba inali ya amalume, zimenezo sizinkakambidwa n'komwe. Ntchafu inkapita kwa amene wagwira ntchito yolimba sabata imeneyo, ndipo ukaiona ikutera m'mbale mwako unkadziwa kuti kupalira kwako anakuona ngakhale sananene kanthu. Chiwindi chinali cha wodwala kapena wamng'ono kwambiri. Ife tinkalimbirana zipalapasiro ndi mutu. Inu chaka china munapatsidwa khosi lokha chifukwa munayankha amayi mwamwano, ndipo munadya mwakachetechete, tonse tikudziwa mlandu wake. Milandu yambiri ya pabanja pathu inkathera mumpoto umenewo.

Ndipo nthawi zonse ankasiya nthuli imodzi pansi pa mpoto, ati ya amene kulibe. Amayi anandiuza kuti khalidweli linayamba agogo aamuna ali ku migodi ya ku Joni pa Wenela, asanabwerere kumudzi Kamuzu atayimitsa ulendowo mu 1974, ndege yonyamula anthu akwathu itagwa ku Francistown. Agogo aamuna anabwera, anakalamba, anatisiya, koma nthuli ija inkasiyidwabe. Pobwerera ankaipereka kwa dalaivala kapena kwa mwana amene walira tsikulo. Munandiuza kuti ine nditabwera kuno ankaitchula dzina langa. Sindinakuyankheni uthenga umenewo chifukwa ndinasowa mawu.

Ife ku Muizenberg chakudya chinali chochuluka kuposa chimene tinachionapo ku Senga Bay. Tinali mabanja atatu akwathu, ena a ku Nkhotakota, ena a ku Mangochi. Tinaotcheratu kunyumba soseji yakuno ya boerewors, nkhuku, ndi nsomba yotchedwa snoek, yaminga yaitali koma yokoma. Tinaika zonse pakati, mbale zamapepala pambali, aliyense n'kumadzitengera. Mwana wathu wamkulu uja anatenga ntchafu ziwiri, palibe anamuyang'ana. Nthutumba panalibe, chifukwa nkhuku za m'masitolo akuno zimabwera zopanda zam'kati. Ukazifuna umagula paketi yake payokha. Tonse tinakhuta, zina zinatsala, koma ine ndinadya osamva kuti wina wandiganizira. Sindikunyoza anzathuwo, ndi anthu abwino. Kungoti pakati pathu wamkulu kwambiri ali ndi zaka za m'ma 40. Okalamba athu onse ali kumudzi kapena kumanda, ndipo ana athu akukula osadziwa kudikira kuti aitanidwe.

Maliro a agogo ndinawaonera pafoni, inu mukuyendetsa kamera, netiweki ikudukaduka. Mwina n'chifukwa chake misozi yake yadzatulukira pagombe la eni, pakati pa anthu akuseka. Alamu anu anaona, anangotenga ana n'kupita nawo kukagula ayisikilimu.

Pa 2 Januwale, mwamwambo, kumakhala chionetsero cha Kaapse Klopse, magulu ovala suti zonyezimira, nkhope zopaka utoto, akuvina ndi malipenga m'misewu ya m'tauni. Akuti chinachokera m'nthawi ya ukapolo, pamene akapolo ankapatsidwa tsiku limenelo kuti apume. Ndidzapitako ndi ana, zithunzi ndidzakutumizirani.

Tsopano zofunika ziwiri. Nkhani ya chiliza cha agogo mukambirane ndi amalume kuti tichite mvula ikatha, mwina mu Ogasiti. Mbali yanga ndiyamba kutumiza mwezi wamawa, ndipo ulendo uno ndidzabwera ndithu. Chachiwiri, mufunse azakhali mmene agogo ankakonzera chimera cha thobwa lawo, ngati chinali cha mawere okha kapena ankasakaniza ndi chimanga, komanso ankachisiya masiku angati. Mageu a m'masitolo akuno sakufikapo. Mundijambulire mawu awo pa WhatsApp, musalembe, azakhali akamafotokoza okha saiwala kanthu.

Mupereke moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
ku Retreat, Cape Town.