Nyimbo Inakoma Itagonera

Boma la Mchinji lili m'malire a Malawi ndi Zambia. Malirewo anawalemba ndi atsamunda pa nthawi imene Mchinji ankatchedwa Fort Manning ndipo Chipata ankatchedwa Fort Jameson, koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi. Amakwatirana, amaikana maliro, ndipo chaka ndi chaka Achewa amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Katundu akafika pachipata cha Mwami amaima kuti alipiridwe msonkho, pamene nyimbo imangodutsa popanda woifunsa chiphaso. Imodzi mwa nyimbo zimene zinadutsa motero ndi "Nizakupanga Ngozi", ya Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family.

Kaimbidwe ka nyimboyi kanachokera kutali. Cha pakati pa zaka za m'ma 1960, achinyamata a ku America ndi ku Mangalande anayamba mtundu wa nyimbo umene anautcha psychedelic rock. Ankaliza gitala wamagetsi mosasa mawu, namukoka ngati akulira maliro, kuti womvera amve ngati ali kutulo. Ena mwa oyimbawo ankamwa mankhwala ozunguza bongo, ndipo angapo anafa nawo adakali anyamata. Katswiri wa onse anali Jimi Hendrix, amene nyimbo yake ya "Purple Haze" inatuluka m'chaka cha 1967. Iye anamwalira m'chaka cha 1970 ali ndi zaka 27 zokha, koma zimbale zake zinali zitafika kale m'mizinda ya mu Africa.

Dziko la Zambia linalandira ufulu m'chaka cha 1964, ndipo pa nthawiyo mkuwa unali pa mtengo wabwino. Ndalama za kumigodi zinagula magitala ndi ng'oma zachizungu, tsono anyamata a m'makomboni anayamba kutsanzira zimene ankamva. Patapita zaka, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Lamuloli linawakakamiza oyimba kupeka nyimbo zawozawo, motero kunakula kaimbidwe kotchedwa Zamrock. Ku Kitwe kunali magulu a WITCH ndi Amanaz, pamene ku Lusaka kunali Paul Nyirongo, wobadwa m'chaka cha 1949 ndi kukulira m'komboni ya Chibolya. Iyeyu anaimbako ku Nairobi ndi gulu la Musi-O-Tunya, ndipo atabwerera kwawo anatchuka ndi dzina lakuti Ngozi. Pabwalo ankafika poliza gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix.

M'chaka cha 1977 gulu la Ngozi Family linatulutsa chimbale chotchedwa 45,000 Volts, ndipo m'menemo ndi mmene muli nyimbo ija. Mutu wake ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, chimene chimati "ni" pamene Mchewa wa kumudzi amati "ndi", ndiponso "za" pamene iye amati "dza". Mutuwo ndi chiopsezo, komanso woyimba akusewera ndi dzina lake lomwe. Gitala akubangula mwachilendo, koma nkhani yake ndi ya pakhomo: mwini nyumba akuchenjeza mlendo kuti adze ndi ulemu, asadze ndi miseche. Limeneli ndi langizo limene mwana aliyense wa Chichewa amalimva adakali wamng'ono. Mlendo amayamba waodira pakhomo, amakhala pamene wapatsidwa, ndipo zimene waona m'nyumba ya mwini sapita nazo kuchitsime. M'komboni, mmene nyumba zimachita kugundana, lilime lalitali limapasula mabanja msanga kuposa kumudzi. Paul Ngozi anabwereka kaimbidwe kokha. Mwambo ndi chinenero anatenga zakwawo.

Bambo wina wa ku Mchinji, amene ankagwira ntchito ya utelala ku Lusaka, anagula chimbalecho chitangotuluka. Pobwerera kumudzi anayamba wameta tsitsi lake asanafike pachipata, pakuti Malawi wa nthawi imeneyo sankalola zoterozo. Bungwe loona zoyenera kuwerengedwa, kuonedwa ndi kumvedwa linali litakhazikitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo malamulo a 1973 ankaletsa amayi kuvala mathalauza kapena masiketi aafupi, ndi abambo kusunga tsitsi lalitali. Wailesi ya m'dziko muno inali imodzi yokha, ya MBC, ngakhale kuti anthu a ku Mchinji ankangopotoza chala n'kumva ya ku Zambia. Chimbale chija chinaoloka chili chokulungidwa m'nsalu pansi pa sutikesi.

Madzulo a tsiku limene anachiliza koyamba pa galamafoni ya mabatire, mudzi unagawikana. Anyamata anavina mpaka mabatire anatha mphamvu. Akuluakulu anati limenelo ndi phokoso la anthu osuta chamba. Mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi anadandaula za chinenero, nati Chichewa chotere n'chophotchoka ndipo chiononga ana. Onsewa anamva gitala ndi katchulidwe ka mawu, koma ochepa okha ndiwo anatchera khutu ku langizo limene linali m'kati mwake.

Zamrock sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa cha mu 1975, ndipo pang'onopang'ono chimbale chinasanduka chinthu cha anthu olemera okha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 asilikali a Rhodesia ankaponya mabomba m'dziko la Zambia, kotero boma linaletsa kuyenda usiku ndipo malo ovinira anazizira. Kenaka kunabwera disiko ndi kalindula, zimene zinatenga mitima ya achinyamata. Matenda a Edzi nawo anapulula oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40. Ku Mchinji galamafoni ija inathyoka singano, chimbale chinapindika ndi dzuwa, ndipo potsiriza ana anachisandutsa chiwongolero cha galimoto ya mawaya. Panalibe amene anawaletsa.

Amene anatola zotayidwazo anali alendo. Anthu osonkhanitsa nyimbo zakale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kufunafuna zimbale za Zamrock, ndipo kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inazisindikizanso. M'chaka cha 2017 inatulutsa zimbale ziwiri za nyimbo zosankhidwa zotchedwa Welcome to Zamrock! Tsono mu Okutobala 2024, woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid", nalowetsamo gitala ndi mawu enieni a Paul Ngozi kuchokera mu "Nizakupanga Ngozi". Nyimbo yakeyo ikunena za mantha a munthu wotchuka amene amalondoledwa ndi kujambulidwa kulikonse, ngakhale pakhomo pake. Chenjezo la mwini nyumba wa ku Chibolya linamuyenera ndithu. Chimbale chake cha Chromakopia chinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard, ndipo anthu miyandamiyanda anamva Chinyanja kwa nthawi yoyamba.

Telala uja anali atakalamba pamene mdzukulu wake, wophunzira Folomu 4, anadza ndi foni m'manja.

"Agogo, tamvani! Munthu wa ku America akuimba chinenero chathu."

Nkhalambayo inamvetsera, kenaka inapukusa mutu. "Iyayi mdzukulu wanga, amene ukumumvayo ndi Paul Ngozi. Chimbale chake ndinabwera nacho ine m'mudzi muno bambo ako asanabadwe."

"Nanga chili kuti, agogo?"

"Ukafunse bambo akowo. Ndiwo ankayendetsa galimoto ya mawaya."

Mnyamatayo anaseka, koma agogo ake sanaseke nawo.

Akuluakulu anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo nyimboyi inagonera zaka 47. Chimene chinaisunga ndi chomwe chija ankachinyoza. Oyimba otsanzira Hendrix m'Chingerezi analipo ochuluka m'maiko onse, ndipo ambiri a iwo aiwalika. Paul Ngozi akumvekabe chifukwa analankhula chinenero cha anthu ake, za vuto limene anthu ake ankalidziwa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mutu wometedwa umakhala wa mwini mudzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mnyamata wa ku Mchinji anadikira kuti nyimbo yoimbidwa m'chinenero chake ikazungulire ku Los Angeles kuti aidziwe, chikhalirecho inagonapo m'nyumba ya agogo ake. M'midzi ya Mkanda, Mlonyeni ndi Mavwere mukadali makaseti ndi zimbale zimene zikudyedwa ndi chiswe, ndiponso nkhalamba zodziwa amene anaimba nyimbozo ndi chifukwa chake. Nkhalambazo zikatsikira kulichete asanazifunse, mbiriyo idzalembedwa ndi alendo, ndipo adzukulu adzaigula kwa iwo ndi ndalama.